Kugwiriza injini poika kilatchi ndi giyabokosi: jeke, chitsulo chopingasa, kireni, tcheni buloko kapena kangolo?

Pa galimoto zambiri giyabokosi imathandizanso kunyamula injini, ndipo zimenezi zimaonekera bwino tsiku losintha kilatchi. Pa Corolla, Probox kapena Vitz, momwe injini inakhala chopingasa, ma mounting ambiri, zogwirizira zomwe zimamangirira injini ku galimoto, amagwira pa giyabokosi. Mukaichotsa, injini imatsala italendewera pa mounting imodzi ya kumanja. Pa Hilux, Hardbody, KB ndi Hiace injini inaloza kutsogolo ndipo ili ndi ma mounting awiri m'mbali, koma kumbuyo kwake kumatsamira pa crossmember, mtanda wachitsulo wa pansi pa galimoto, kudzera mu giyabokosi yomweyo. Mukangomasula crossmember, injini imapendekera kumbuyo, fani n'kukhula chotchingira cha rediyeta, mapaipi a madzi n'kukokeka. Palinso injini yomwe yatuluka kale m'galimoto, yakonzedwa, ndipo ikudikira kuti ikumane ndi giyabokosi isanabwerere m'malo mwake. Imeneyinso imafuna pokhala, ndipo imafuna kusunthidwa.

Kulemera pakokha sikovuta. Injini yaing'ono ya petulo monga 1NZ siipitirira kwenikweni makilogalamu 100, ya dizilo monga 5L imadutsa 200, ndipo jeke kapena tcheni buloko wamba (chida chokolekedwa pamwamba chokwezera katundu pokoka tcheni) imanyamula zonsezi. Njira zimasiyana pa mphindi yolumikiza. Shafiti ya giyabokosi iyenera kulowa m'mano a pakati pa clutch plate (mbale ya kilatchi), nsonga yake ilowe mu pilot bearing (kabeyaringi ka kumbuyo kwa injini) pa galimoto zomwe zili nayo, ndipo ma dowel (timapini tolondolera) a pa buloko ya injini agwere m'mabowo awo. Zitsulo ziwirizi zikapendekeka mosiyana ngakhale pang'ono, shafiti imakana. Ndiye poyeza njira iliyonse ndimayang'ana zitatu: kodi kumbuyo kwa injini kwatsala poyera, kodi injiniyo yakhazikika osagwedera, nanga mungaikweze kapena kuitsitsa pang'onopang'ono pomwe mukufuna?

Jeke ndi thabwa pansi pa sampu

Iyi ndi njira yomwe aliyense amayamba nayo chifukwa jeke ilipo kale. Mumaika thabwa lotakata pakati pa jeke ndi sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, n'kukweza mpaka jeke italandira kulemera. Pa Hilux ndi abale ake njirayi ndi yokwanira, chifukwa ma mounting awiri aja akadali kugwira ndipo jeke ikungoletsa injini kupendekeka. Imakupatsaninso mwayi wotsitsa kumbuyo kwa injini pang'ono kuti mufikire mabawuti a pamwamba pa bellhousing (mbali ya giyabokosi yokuta kilatchi), omwe amabisala pafupi ndi khoma la kabini. Pa Hiace, pomwe injini ili kunsi kwa mipando ndipo palibe pokoleka chilichonse kuchokera pamwamba mosavuta, jeke ndi thabwa ndiye njira yanu.

Kuipa kwake kulipo, ndipo sikochepa. Sampu sinapangidwe kuti inyamule injini. Ya chitsulo chopyapyala imabonyoka, ndipo chifukwa paipi yoyamwa oyilo imathera pafupi kwambiri ndi pansi pake, kubonyoka pang'ono kumatha kuchepetsa oyilo wopita ku pampu. Ya aluminiyamu siibonyoka, imang'aluka. N'chifukwa chake thabwa liyenera kukhala lotakata ngati sampu yonse, lisakhale kachidutswa ka pakati pokha, ndipo lisapanikize bawuti lotsitsira oyilo. Chinanso, jeke ya oyilo imatsika yokha pang'onopang'ono, makamaka yakale. Ntchito ya kilatchi kawirikawiri imagonera chifukwa sipeya yachedwa kapena flywheel, chitsulo chozungulira chomwe kilatchi imamangidwapo, yapita kokasema, ndipo m'mawa mumapeza injini yalendewera pa mounting ndi mapaipi. Ngati ntchito igonera, ikani sitandi kapena matabwa osanjikiza pansi pa thabwa lija, jeke ipume.

Pa galimoto ya injini yopingasa sindiikonda njirayi. Jeke imakhala pomwe inu mukufuna kugona, pomwe giyabokosi ikufuna kudutsa, ndipo injini ya mounting imodzi imatha kutsetsereka pa thabwa mukamakankha giyabokosi.

Chitsulo chopingasa pamwamba pa injini

M'masitolo chimagulitsidwa ndi dzina loti engine support bar. Ndi chitsulo chomwe chimagona kuchokera mbali imodzi ya chipinda cha injini kufika mbali ina, miyendo yake itaponda m'mphepete molimba momwe mabawuti a madigadi amamangidwa. Pakati pake pamakhala ndodo ya mano yokhala ndi ngowe, ndipo mukazungulitsa chogwirira chake injini imakwera kapena kutsika. Zambiri zimalembedwa kuti zimanyamula makilogalamu 300 mpaka 500.

Pa Corolla, Probox, Demio ndi galimoto zina zokoka ndi matayala a kutsogolo, palibe njira yoposa iyi. Kunsi konse kumatsala poyera. Mano a ndodo satsika okha ngati oyilo wa mu jeke, ndiye ntchito ikhoza kugonera sabata yonse injini ili pomwe munaisiya. Koposa zonse, mumatsitsa mbali ya giyabokosi pang'onopang'ono, kuzungulitsa theka, kuyang'ana, kuzungulitsanso. Pa galimoto izi giyabokosi siituluka injini ili chilili. Imagunda chasesi ya kumanzere pokhapokha mbali imeneyo itatsika. Pobwezera, ndodo yomweyo ndiyo imakupezerani pomwe shafiti ikulowera mosavuta. Pa galimoto zomwe subframe, felemu ya kunsi kwa injini, iyenera kutsika kaye, chitsulochi n'chofunika kwambiri, chifukwa jeke ya pansi imatsekereza njira.

Sichofunika kuchiitanitsa kunja. Owotcherera a ku Mchesi, ku Biwi kapena ku Ndirande angachipange ndi paipi ya makona anayi yochindikala, ndodo ya mano yonenepa, manati ndi mawashala. Ndimangopempha zinthu ziwiri. Paipiyo ikhale yochindikala ndithu, osati yopangira mafelemu a mawindo, ndipo miyendo ikhale ndi labala kapena thabwa kunsi kuti isaterere. Ena amagoneka mtengo kapena thabwa pa madigadi n'kumanga injini ndi chingwe. Kunyamula imanyamula ndithu, koma mwataya chinthu chomwe chimapangitsa njirayi kukhala yabwino, kukweza ndi kutsitsa pang'onopang'ono, ndipo madigadi a masiku ano ndi opyapyala moti amabonyoka.

Malire ake ndi oti sichisuntha injini kupita kwina kulikonse. Ndi cha injini yomwe ikutsala m'galimoto basi.

Kireni ya matayala

Kireni yopinda, ya jeke ya oyilo, ndiyo yokha yomwe imanyamula injini n'kuyenda nayo. Imaitulutsa m'galimoto, kuipititsa pa sitandi, kuichotsapo, kuibwezeramo. Koma dzina lake limanamiza. Kireni ya tani imodzi imanyamula makilogalamu 1,000 mkono wake uli waufupi. Mkonowo uli ndi mabowo anayi, olembedwa 1,000, 750, 500 ndi 250, ndipo kuti ufike pakati pa chipinda cha injini cha pikapu mumafunika bowo lachitatu kapena lomaliza. Injini ya dizilo yomangidwa kale ku giyabokosi ya 4x4 imadutsa 250. Pa ntchito zotere kireni ya matani awiri, yomwe imanyamula 500 mkono utatambasuka wonse, ndiyo yoyenera.

Vuto lachiwiri ndi pansi. Timatayala take ndi tating'ono ndipo timafuna simenti yosalala. Magalaja athu ambiri ali pa dothi, ndipo pa dothi tayala limodzi likatitimira kireni imapendekeka pomwe injini ili m'mwamba. Ngati mulibe simenti, yalani matabwa ochindikala kapena chitsulo chosalala njira yonse yomwe kireni idutse. Mukangotulutsa injini pamwamba pa galimoto, itsitseni kufupi ndi pansi musanayambe kukankha, ndipo kankhani kireniyo, musakoke injini.

Pomanga kilatchi, injini yolendewera ndi yosautsa. Mabawuti a flywheel amafuna mphamvu zambiri, ndipo mukakoka sipanala injini imazungulira pa tcheni n'kukuthawani. Polumikiza giyabokosi, mukakankha imathawanso. Kireni imathandiza kwambiri ikagwirizana ndi china: tsitsani injini mpaka itakhala pa matabwa kapena pa kangolo (felemu yaifupi ya matayala yokhazikapo injini), tcheni chitsale chokoka pang'ono kuti isagwe cham'mbali. Kapena, zomwe zili bwino koposa, injini ikhale pansi ndipo kireni inyamule giyabokosi.

Pali kachida kena kotchedwa load leveller, komwe kamakolekedwa pakati pa ngowe ya kireni ndi injini. Mukazungulitsa chogwirira chake, ngowe imasendera kutsogolo kapena kumbuyo ndipo injini imapendekeka momwe mukufunira. Pobwezera injini ndi giyabokosi zili pamodzi, mchira wa giyabokosi uyenera kulowa choweramira kenako n'kuwongoka, ndipo kachidaka kamachita zimenezo popanda anthu atatu kukankhana.

Tcheni buloko, mapolo ndi mtengo wa mango

Tcheni buloko ndimaikhulupirira kuposa jeke ya oyilo. Buleki yake imagwira pomwe mwasiyira, siitsika usiku, ndipo imakweza pang'onopang'ono kwambiri moti mumatha kupeza malo enieni a shafiti. Siifuna simenti. Yosowa ndi njira ya cham'mbali: imangokweza ndi kutsitsa, ndiye chomwe chimasuntha ndi galimoto, kuikankha kumbuyo injini ikakwera ndi kuibweza poikamo. Izi zikutanthauza kuti matayala onse anayi akhale pansi, zomwe zimavuta pa galimoto yomwe mwaichotsa ma CV joint.

Nkhani yaikulu ndi pomwe mwaikoleka. Felemu ya zitsulo yowotcherera bwino, ya miyendo iwiri yotambalala ndi mtanda wolimba, ndi yabwino kwambiri. Mapolo atatu omangidwa pamwamba amagwiranso ntchito malinga miyendo yake yakumbiridwa kapena yamangidwa ndi tcheni pansi kuti isatambasuke. Mitengo ya denga la nyumba inapangidwira malata, osati injini. Nthambi ya mango, yomwe timaiona m'magalaja ambiri a m'mbali mwa msewu, ili ndi zoopsa ziwiri. Choyamba aliyense amachidziwa, kuti nthambi yooneka yolimba imatha kukhala yofumbwa mkati n'kuthyoka osachenjeza. Chachiwiri anthu sachiganizira: nthambi imanepa. Mwayeza bwinobwino kuti injini ndi giyabokosi zayang'anizana, giyabokosi yangotsamira pang'ono pa injini, nthambi yatsika, ndipo kulemera konse kwagwera pa shafiti.

Pokoleka, kaya pa kireni kaya pa tcheni buloko, gwiritsani ngowe zomwe opanga anaika pa hedi ya injini. Ngati zinachotsedwa, mangani tcheni ndi bawuti lolembedwa 8.8 pamutu, lolowa mokwanira m'bowo lolimba la hedi kapena buloko, ndi washala wamkulu. Manifold, mapaipi a ma injector ndi bulaketi ya alternator si pokolekapo. Tcheni chisakhale chachifupi moti mbali zake ziwiri zitambalale kwambiri. Zikatambalala kufika madigiri 120, mbali iliyonse imakokedwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa injini yonse, ndipo mabawuti amakokedwa cham'mbali.

Sitandi ya injini

Pomanga injini yokha, mapisitoni, crankshaft ndi hedi, sitandi yozungulira ndi chida chabwino zedi. Pa kilatchi siithandiza. Mikono yake imamangidwa m'mabowo omwewo a kumbuyo kwa buloko momwe giyabokosi imamangidwa. Flywheel nthawi zina imakwanapo ngati mikonoyo ndi yaitali, pressure plate (chivindikiro chopanikiza clutch plate) kawirikawiri ayi, giyabokosi ndiye n'zosatheka. Amene wagula sitandi adziwiretu kuti afunikanso kireni kapena tcheni buloko yochotsera injini, ndi pena poikhazika. Sitandi ya matayala atatu imagwa mosavuta poikankha ili ndi injini ya dizilo.

Tayala lakale kapena kangolo

Injini ikachoka pa sitandi, ambiri amaikhazika pa tayala lakale, sampu italowa m'bowo. Ponyamula injini pa pikapu kupita nayo kwina, tayala ndi zingwe zinayi ndi njira yabwino. Poika giyabokosi ndi njira yovuta. Labala imanepa, ndiye injini imagwedera nthawi iliyonse mukaikhudza. Imakhalanso pansi kwambiri, moti kunsi kwa bellhousing kumagunda tayala kapena dothi shafiti isanalowe. Ena amaimika injini chamutu, pulley ya kutsogolo italowa m'tayala, n'kutsitsa giyabokosi kuchokera pamwamba kuti kulemera kwake kuilowetse yokha. Zimatheka, koma muyenera kutsitsa oyilo kaye, release bearing imatha kutsetsereka giyabokosi ikayang'ana pansi, ndipo injini yoimirira chotero imagwa ikangokankhidwa pang'ono. Pa injini ya dizilo sindingalole.

Chomwe ndimalimbikitsa kwa aliyense amene amatulutsa injini pafupipafupi ndi kangolo kake. Ndi felemu yaifupi ya angle iron kapena ya matabwa ochindikala, ya matayala anayi olimba, yomwe imagwira injini pa mabulaketi a ma mounting kapena m'mphepete mwa buloko momwe sampu imamangidwa. Sampu imalendewera pakati osakhudza kanthu. Kumbuyo kwa injini kumatulukira kunja kwa felemu, poyera, ndipo pamakhala mpata woti bellhousing idutse. Pamenepo mumamanga flywheel injini itakhazikika, mumaika kilatchi mukuona bwino, mumalumikiza giyabokosi, kenako mumakankha zonse kupita pansi pa tcheni buloko. Mwa njira zonse za injini yomwe yatuluka, iyi ndiyo imasiya kumbuyo poyera injini itakhazikika osagwedera, ndipo mtengo wake ndi wa zitsulo zochepa ndi tsiku limodzi la wowotcherera. Kumbukirani kuti giyabokosi ikamangidwa kulemera kumasamukira kumbuyo. Felemuyo ikhale yaitali kufika pansi pa giyabokosi, kapena ikani matabwa pansi pa mchira musanamasule chomwe chinainyamula.

Mphindi yolumikiza

Njira iliyonse yomwe mwasankha, chimodzi chikhazikike, china chiyende. Injini ndi giyabokosi zikakhala zonse zolendewera, mumatha masana onse mukulimbana nazo. Giyabokosi ya galimoto yaing'ono imalemera pang'ono kuchepera thumba la simenti, ndipo anthu awiri amainyamula. Ya 4x4 yokhala ndi transfer case ndi yolemera kwambiri kuposa pamenepo, ndiponso kulemera kwake kuli mbali imodzi, ndiye imafuna kugubuduka. Imeneyo musainyamulire pa chifuwa. Gwiritsani jeke ya giyabokosi, kapena wotchererani chitsulo chotakata pa mutu wa jeke ya matayala n'kumangapo giyabokosi ndi lamba.

Clutch plate ikhale pakati penipeni musanamange pressure plate. Chida cha pulasitiki chomwe chimabwera ndi makilatchi ena chimathandiza, koma shafiti yakale ya giyabokosi ya mtundu womwewo ndi yolondola koposa. Yang'anani mbali yolembedwa kuti iyang'ane ku flywheel. Mabawuti a pressure plate mangani pang'onopang'ono modumphadumpha, osati kumaliza limodzi kenako lina; pa ma Toyota ambiri amathera pa 19 Nm, mphamvu yochepa kuposa momwe dzanja limafunira. Poti giyabokosi ili kunja, onaninso oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft, chifukwa ikadontha imanyowetsa kilatchi yatsopanoyo. Girizi pa mano a shafiti akhale wochepa kwambiri, ndipo fumbi la kilatchi yakale musaliuzire ndi mpweya, lipukuteni ndi nsanza yonyowa, poti makilatchi ena akale anali ndi asbestos.

Pali kanzeru kotchipa komwe kamathandiza pa njira zonsezi. Tengani mabawuti awiri aatali a mano ofanana ndi a bellhousing, dulani mitu, chekani kamzere ka sikuludiraiva kumapeto, n'kuwamanga m'buloko mbali ziwiri. Giyabokosi imatsetsereka pa mabawutiwo, kulemera kwake kumakhala pa iwo m'malo mwa shafiti, ndipo imabwera yowongoka. Ikalowa, mumawamasula n'kuikamo enieni.

Pokankha, yang'anani mpata wa pakati pa bellhousing ndi buloko. Ukakhala waukulu pamwamba kuposa pansi, kapena mbali imodzi kuposa inzake, sinthani jeke kapena ndodo ya mano mpaka ufanane. Mano akakana kugwirana, lowetsani giya n'kuzungulitsa shafiti ya kumbuyo pang'ono, kapena zungulitsani crankshaft ndi sipanala. Zinthu ziwiri ndi zoletsedwa. Musasiye giyabokosi italendewera pa shafiti, ngakhale kwa kanthawi kopumira, chifukwa pakati pa clutch plate pamapindika ndipo kilatchi yatsopano imayamba kunjenjemera kapena kukana kumasula magiya. Ndipo musakoke giyabokosi ndi mabawuti mpata ukadalipo. Ikakana kufika ndi manja, pali chomwe sichinalowe, ndipo bawuti limang'amba bellhousing ya aluminiyamu kapena kuphwanya pilot bearing.

Galimoto yokha ikhale pa masitandi achitsulo kapena pa dzenje, matayala otsala atatsekeredwa, waya wa negative wa batire atachotsedwa musanakhudze sitata. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika mwadzidzidzi, ndipo ntchito ya giyabokosi ndi yogwedeza galimoto kwambiri. Pa dothi, masitandiwo aponde pa matabwa.

Galimoto zambiri zochokera ku Japan ndi za otomatiki, ndipo zonse zokhudza kugwiriza injini ndi zomwezi. Kusiyana kwake n'koti torque converter, yomwe imalowa m'malo mwa kilatchi, imalowa kaye mu giyabokosi, osati pa injini. Izungulitseni mukukankha mpaka italowa masitepe ake onse, ndipo imangirireni kuti isatsetsereke pokweza. Ikatsala panja pang'ono inu n'kumanga mabawuti a bellhousing, imathyola pampu ya oyilo ya mu giyabokosi, ndipo muyenera kutsitsanso zonse.